Mkazi Amene Ankandiimbira Foni Lachinayi

Awerengi anzanga, dzina langa sindikuuzani. La mwamuna amene ndinkamutcha wanga nalonso sindilitchula, lilime langa linalikana kalekale. Abale ake ankamutcha "a Dokotala" asanalandire n'komwe digiriyo, ndiye nanenso ndizimutchula choncho. Nkhaniyi ndaisunga pakhosi mpaka yandiwawa. Lero ndikuilavula.

1

Ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta. Nthawi imeneyo ndinkagwira pa kampani ina yaing'ono, m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya matayala, moti fungo la labala linkatiperekeza mpaka kunyumba. Tinkapanga pulogalamu ya zipatala, yosunga mayina a odwala ndi kuwatumizira mauthenga pafoni owakumbutsa tsiku la katemera kapena lokatenga mankhwala. Cholakwika chilichonse chobisala m'pulogalamu tinkachitcha nsikidzi, poti masana sichioneka koma chimaluma anthu ali phee. Lachisanu lililonse tinkatumiza ntchito yatsopano ku zipatala, ndiye Lachinayi linali tsiku losaka nsikidzi: aliyense maso pa sikirini, chakudya chikuzizira pambali.

Sindikudzitama, koma pa ofesi ija dzanja lodalirika linali langa. Abwana athu, amene tinkawatcha a Wotchi chifukwa ankayang'ana pamkono munthu usanamalize moni, ankakonda kunena kuti, "Ntchito ikadutsa m'manja mwa mayiyu, ine mtima m'malo."

A Dokotala ankaphunzitsa pa yunivesite uku akuchita kafukufuku wa digiri yapamwamba. Funso lawo linali labwino ndithu, ndipo mpaka lero sindilinyoza.

"Taganiza," ankatero patebulo, supuni ili m'mwamba. "Munthu yemweyo lero alemba pulogalamu yoyera, mawa alemba yodzaza nsikidzi. Chasintha n'chiyani? Mutu ndi womwewo, zala ndi zomwezo. Tikatha kuyeza chimenecho, tikhoza kuchikonza chisanapweteke anthu."

Pakamwa anali katswiri, koma pa kiyibodi zala zawo zinali za nkhuni. Ndiye chida choyezera ndinawalembera ndine, masiku opuma, ndi mtima wonse. Tinachitcha Muyeso. Chinkaona mizere imene munthu walemba, nsikidzi zimene zapezeka m'mizereyo, nthawi imene watenga pokonza, ndi pamene wafufuta n'kuyambiranso. Tsiku limene chinagwira ntchito koyamba anandinyamula n'kuzungulira nane pabalaza.

"Dzina lako likhala patsamba loyamba," anatero. "Mkazi wanga, mutu wanga wachiwiri."

M'nyumba mwathu munalinso mng'ono wanga, womaliza kubadwa, amene tonse timamutcha Chitsiriza. Ndinamubereka kumbuyo ali khanda, ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, ndipo atapeza malo pa yunivesite ndinamupatsa chipinda chakumapeto kwa khonde. Alamu ake atamupempha kuti aziwathandiza kusonkhanitsa za kafukufuku, ine ndi amene ndinawomba m'manja.

2

A Wotchi anavomera kuti Muyeso uikidwe pa makompyuta athu onse. A Dokotala anabwera ku ofesi atavala tayi, n'kutilonjeza kuti palibe adzadziwike. Aliyense anapatsidwa chilembo m'malo mwa dzina.

"Sitikusaka munthu," anatero. "Tikusaka njira yabwino yogwirira ntchito."

Anzanga anandigunda ndi chigongono. "Kwanu mumadya sukulu kapena chakudya?"

Patapita masabata angapo, Lachinayi lina m'mawa, ndikungokhala pansi, foni inalira. Nambala inali yobisika. Mawu anali a mkazi, otsika, osasa, ngati a munthu wolankhula atatseka pakamwa ndi nsalu.

"Ndinu akazi a aphunzitsi aja?"

"Eya. Ndani mnzanga?"

"Muwauze aiwala jekete kwanga. Yakhofi ija."

Foni inaduka. Ndinaseka, n'kuiponya m'chikwama. Kenako ndinakumbukira kuti m'mawa uja pa chitseko cha kabati panali hang'ala yopanda kanthu.

Tsiku limenelo ndinawerenga mzere umodzi kambirimbiri osaumva. Madzulo a Dokotala atafika, ndinawalandira ndi funso m'malo mwa moni.

"Jekete yakhofi ili kuti?"

"Ili ku ofesi, pampando. Bwanji?"

Ndinawauza. Anapukusa mutu mwachisoni, n'kundigwira mapewa.

"Anthu ali ndi nsanje, mayi. Akaona banja likuyenda amafuna kuthiramo mchenga." Anandiyang'ana m'maso kwa kanthawi. "Koma ntchito wagwira bwanji lero? Mutu unakhazikika?"

Ndinati mumtima, taonani mwamuna wodera nkhawa mkazi wake.

3

Mkaziyo sankaimba sabata iliyonse. Pankadutsa masabata abata, a Dokotala akundiperekeza ku ntchito, akundisisita mapazi, akunditumizira timauthenga tokoma masana. Ndikangoti zatha, Lachinayi lina foni ija.

Ndipo ankadziwa zinthu. Ankadziwa chipsera cha kumsana kwa mwamuna wanga, chimene anapsa ndi simbi ali mwana. Ankadziwa kuti bedi lathu limalira mbali ya kukhoma. Tsiku lina anandifunsa ngati ndasoka diresi yanga yogonera imene inang'ambika kukhwapa. Ndinasintha nambala, koma anaipeza. Ndinayamba kununkhiza malaya, kusecha matumba, kuyang'ana mkazi aliyense mumsewu n'kumadzifunsa ngati mawu ake angasase.

A Dokotala ankalumbira mpaka kugwada. Ine ndikalira, ndinkalilira pamiyendo pa Chitsiriza. Ankandipesa tsitsi pang'onopang'ono n'kumafunsa mwaulemu:

"Achemwali, mwagona bwino lero? Munadzidzimuka kangati? Ku ofesi munadyako? Nanga mtima ukugundabe ngati dzulo?"

"Iwe ndiwe nesi wanga," ndinkamuuza. "Pakanapanda iwe bwenzi ndili ku chipatala cha amisala."

M'kati mwa zimenezi ndinapezeka ndi pakati. Tinali titadikira zaka. Apongozi anga, amene ankakonda kuima pabwalo pathu n'kufunsa chingwe choyanikira zovala kuti chidzaona liti matewera, anandikumbatira koyamba chilowereni m'banja lawo. Ine ndinatengera a Dokotala kuchipinda n'kuwagwira manja onse awiri.

"Sindikufunsani ngati alipo kapena ayi. Ndatopa. Koma ngati alipo, mupempheni andisiye mpaka ndichire. Pambuyo pake muzichita zimene mukufuna."

"Palibe munthu, mayi," anatero, misozi ili lengelenge. "Mulungu ndi mboni."

Panali bata mwezi wathunthu. Kenako linafika Lachinayi lotsatira tsiku langa lobadwa, makeke otsala adakali m'firiji.

"Zabwino zonse," mawu aja anatero. "Koma akuti mimbayo sakuikhulupirira kuti ndi yawo. Akuti zaka zonsezi munali kuti?"

Foni imeneyo sindinauze munthu. Inandichititsa manyazi kwambiri moti ngakhale kwa Chitsiriza sindinaitchule. Ndinasamba kumaso m'bafa la ku ofesi, ndinapita kunyumba ndikumwetulira, ndinaphika, ndinaseka nthabwala zawo. Ndinaikwirira ndekha.

4

Foni yowawa kuposa zonse inabwera mimba itayamba kuoneka. Inali nthawi ya masana, anzanga akutsegula zakudya zawo.

"Ali kwanga panopa," mkaziyo anatero. "Simukukhulupirira? Tamverani."

Panali chete, kenako ndinamva munthu akutsokomola kawiri, n'kukonza pakhosi. Kutsokomola kumeneko ndinali nditagona pambali pake zaka zonse za ukwati wanga.

Sindikumbuka mmene ndinatsikira masitepe. Ndinakwera takisi mpaka ku yunivesite, ndinathamanga m'makonde, ndinamenya chitseko cha ofesi yawo. Chinali chokhoma. Ndinazungulira makalasi onse ngati wamisala, ophunzira akundiyang'ana. Pobwerera, pakati pa masitepe, china chake chinandipotokola m'mimba. Nditayang'ana pansi ndinaona magazi pa nsapato.

Sindinena kuti foni ndiyo inapha mwana wanga. Anesi anati zoterezi zimachitika, ngakhale kwa mkazi wokhala pa mtendere. Ndingonena kuti ndinalowa m'chipatala tili awiri, ndinatuluka ndekha.

A Dokotala anabwera ndi zipatso, anagwada pambali pa bedi n'kulira mokweza mpaka amayi a bedi loyandikana nalo anandiuza kuti ndili ndi mwayi. Chitsiriza anaima pakhomo, sanalowe. Ndinati akuopa magazi.

Patangopita masiku ochepa a Dokotala anayamba kundilimbikitsa.

"Kukhala m'nyumba kukudwalitsa. Bwerera ku ntchito, ikuthandiza kuiwala."

Ndinabwerera. Thupi linali pampando, mutu unali kumanda kopanda mtumbira. Sabata imeneyo ndinapatsidwa kukonza gawo lolumikiza mayina a odwala ndi manambala awo a foni. Ndinasokoneza mzere umodzi wokha, ndipo popeza inali ntchito yanga, palibe anavutika kuiyang'ananso. Lachisanu mauthenga anatuluka, koma anapita ku mafoni olakwika. Dzina la munthu ndi mankhwala amene amamwa mobisa zinafika kwa mnansi wake, kwa bwana wake, kwa mlamu wake. Tinamva kuti mayi wina anapeza katundu wake ali panja. Sindinamuonepo mayi ameneyo, koma ndimamuganizira kuposa mmene ndimaganizira abale anga ena.

5

Zipatala zinakalipa. A Wotchi anaitana a Dokotala kuti abwere ndi zimene Muyeso wapeza. Tinakhala mozungulira tebulo lalitali, makatani atatsekedwa, kuwala kuli pakhoma.

Mizere ya pachithunzi, yoonetsa kuchuluka kwa nsikidzi za anzanga, inali yoyenda bwino, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono. Kenako anaonetsa wa chilembo D. Unayamba pansi penipeni, woyera kuposa yonse, kenako n'kumalumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, mpaka kumapeto unabaya denga.

"Uyu anali wolemba wabwino kwambiri pagulu," anatero a Dokotala, mawu ali bata. "Taonani mmene anagwera."

Palibe anatembenuka kundiyang'ana, ndipo m'pamene ndinadziwira kuti onse adziwa.

Kunena zoona, malangizo awo anali anzeru. Anati ntchito ya munthu aliyense, ngakhale katswiri, izidutsa m'maso mwa mnzake isanatuluke. Anati tisiye kutumiza zinthu Lachisanu mothamanga. Anati munthu akakhala pa mavuto azipatsidwa ntchito yopepuka. A Wotchi anagwedeza mutu pa zonsezo, koma khutu lawo linatola chimodzi. Anthu atatuluka anandiuza kuti nditsale.

"Mayi, mukudziwa ndimakulemekezani. Koma zipatala zikufuna mutu wa munthu, ndipo manambala aloza inu. Pulogalamu yoyezerayi simunailembe nokha? Ndiye simunganene kuti ikunama."

Ndinalongedza kapu yanga, juzi ndi kamaluwa ka pawindo. M'galimoto ndinafunsa mwamuna wanga chifukwa chake sanabise mzere wanga, ngakhale tsiku limodzi lokha.

"Sayansi ilibe mkazi," anatero, maso ali pamsewu.

Chodabwitsa n'chakuti kuchokera tsiku limene ndinachotsedwa ntchito, mkazi uja sanaimbenso. Ndinati wandimvera chisoni.

6

Tsiku loti a Dokotala ateteze kafukufuku wawo pamaso pa mapulofesa, tonse tinapita. Apongozi anavala chipewa chatsopano chotchinga anthu a kumbuyo. Amayi anga anabwera ndi basi ya m'mawa. Chitsiriza anakhala kutsogolo ndi laputopu, akusintha zithunzi pakhoma alamu ake akamukodola. Ine ndinali nditasita suti yawo ndekha.

Mzere wa D unaonekanso, koma ulendo uno unali ndi chinthu chimene ku ofesi sanationetse: timadontho tofiira, tomwazika m'munsi mwake, kalikonse ndi tsiku lake. Pamwamba pa kadontho kalikonse mzere unkalumpha.

Pulofesa wina wachikulire, mayi wa imvi ndi magalasi a chingwe, anakweza cholembera.

"Madontho ofiirawa ndi chiyani?"

"Ndi masiku amene munthuyu anakumana ndi chomusautsa mtima kunja kwa ntchito."

"Munawadziwa bwanji?"

"Ankatiuza yekha, pulofesa. Sabata iliyonse ankayankha mafunso athu."

Ine sindinayankhepo mafunso a munthu. Ndinatsamira kutsogolo n'kuyamba kuwerenga masikuwo. La jekete linalipo. La chipsera linalipo. La diresi yogonera linalipo. Ndinadziuza kuti palibe chachilendo, zonsezi ndinkawauza ndekha ndikulira. Kenako diso langa linaima pa kadontho kena kumapeto kwa mwezi wa bata uja. Linali Lachinayi lotsatira tsiku langa lobadwa.

Foni imene sindinauze munthu.

Padziko lonse, odziwa za foni imeneyo tinali awiri: ine ndi amene anaimba.

Anthu anawomba m'manja, apongozi anaimirira n'kuvina pang'ono pamalo pomwepo. Ine ndinaona Chitsiriza akutseka laputopu n'kutuluka mofulumira, dzanja lili pakamwa. Ndinamutsatira mpaka ku bafa la akazi. Ndinamupeza atawerama pa sinki. Ndinakhoma chitseko.

"Tanena kuti, 'Muwauze aiwala jekete kwanga.'"

"Chiyani, achemwali?"

Ndinavula sikafu yanga n'kumupatsa. "Tseka pakamwa ndi iyi, unene."

Anayang'ana sikafuyo, n'kukhala pansi pa simenti yonyowa.

"Anati ndi za sukulu basi," ananong'ona. "Anati anthu akafunsidwa za nkhawa zawo amanama, ndiye pafunika munthu mmodzi amene sakudziwa kuti akuyesedwa. Anati akamaliza adzakuuzani, tonse tidzaseka."

"Masikuwo ankasankha ndani?"

"Ankachita mayere pa kompyuta. Kuti zikhale zachilungamo."

"Nanga mafunso ako aja? Mwagona bwino, mwadyako?"

Anagwedeza mutu. "Ndinkakawapatsira mayankho."

"Unkadziwa kuti ndili ndi pakati."

"Ndinawapempha kuti tisiye, achemwali, ndikulumbira. Anati tikasiya pakati, ntchito yonse ipita m'madzi. Anati patsala pang'ono."

"Tsiku limene ndinkathamanga m'makonde muno kuwafuna, munali kuti?"

"Kunyumba."

"Chipinda chiti?"

Anaphimba nkhope ndi sikafu ija.

"Chipsera cha kumsana anachita kukuuza, kapena unachiona?"

Dzanja lake linatsika lokha n'kukakhala pamimba, mmene langa linkakhalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Apo m'pamene ndinaona kuti siketi yake yamangidwa ndi pini.

7

Kunyumba kunali phwando. Pabalaza panadzaza anzawo a ku yunivesite, wailesi ikuphokosera. Ndinawapeza a Dokotala kukhitchini akutsegula botolo, n'kutseka chitseko kumbuyo kwanga.

"Chitsiriza wandiuza."

Anaika botolo pansi bwinobwino. Sanagwade ulendo uno, ndipo misozi sinabwere.

"Poyamba panalibe mkazi aliyense," anatero. "Chimenecho undimvetse. Sindinakunamize pamene ndinkalumbira. Zinazo zinangobwera chifukwa chogwira ntchito limodzi."

"Munandisandutsa khoswe wa m'khola."

"Ukanadziwa, zotsatira zikanakhala zabodza. Iwe ndi munthu wophunzira, ukudziwa zimenezi. Ndipo taona phindu lake. Makampani asintha kagwiridwe ka ntchito chifukwa cha mzere wako uja. Anthu ambiri apulumuka."

"Nanga mwana wanga?"

Anapuma mozama ngati mphunzitsi amene wafunsidwa funso la mwana wa kalasi yoyamba.

"Palibe umboni woti foni ndiyo inachititsa. Munthu mmodzi si umboni wokwanira."

"Koma pa digiri yanu ndinakwanira."

Chitseko chinatseguka, apongozi analowa, chipewa chili pamutu. Anali atamva zokwanira, ndipo nkhope yawo inandiuza kuti za mimba ya Chitsiriza sanazimve lero.

"Mwana wanga, usasokoneze tsiku la mnzako," anatero. "Bola sanapite kutali. Mwana akubwerayo ndi magazi ako omwe. Iwe unalephera kusunga, mng'ono wako wakugwirira ntchito. Pena muzithokoza."

Ndinapita kwa amayi anga, amene anakhala pakona ya khonde ndi mbale pamiyendo. Ndinawauza zonse nditagwada. Analira, inde. Kenako anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu:

"Nonse ndinu ana anga. Ukapita nazo kubwalo, amene achite manyazi ndi ine. Chibale ndi fupa, sichiola."

Sichiola, amayi, koma chimaima pakhosi.

Tsiku lomwelo ndinatuluka ndi sutikesi imodzi. Sabata yotsatira ndinagogoda pa ofesi ya pulofesa wa imvi uja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi. Anachita zimene akanatha: anaitanitsa komiti.

Ndinakhala kutsogolo kwa amuna a masuti n'kufotokoza za bedi langa, diresi yanga yogonera ndi magazi a pa nsapato, wina akulemba, wina akuyang'ana foni. Anandifunsa umboni. Nambala inali yobisika. Anaitana Chitsiriza. Analowa atavala diresi yotakasuka, anakhala pambali pa alamu ake, n'kunena osaphethira kuti achemwali ake sanakhale bwino m'mutu chitayireni mimba, ndipo mafunso a sabata iliyonse ankawafunsa yekha, iwo akudziwa.

"Mayi," wapampando anatero mokoma mtima, "chisoni chimasokoneza kukumbukira."

Pulofesa wa imvi yekha ndi amene anakana kusaina. Enawo anagamula kuti mutu umodzi wa kafukufukuyo ulembedwenso mosamala. Digiri inatuluka. Patsamba loyamba anathokoza Mulungu, amayi awo, ndi "wothandizira wanga wosatopa". Muyeso anautenga makampani angapo, ndipo ndikumva kuti malangizo aja akuthandizadi.

8

Lero ndimakhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa malo osokera zovala. Ndimayesa mapulogalamu a anthu ena ndili kunyumba, ndi dzina la kwa abambo anga, ndipo dzanja langa linabwerera mwakale. Za a Dokotala ndinamva kwa anthu: kafukufuku uja anawapezetsa ntchito kunja, anakwera ndege n'kulonjeza Chitsiriza kuti adzamuitanitsa akakhazikika. Anakhazikikadi, ndi mkazi wina wa komweko. Nyumba ija inabwezedwa kwa eni ake, ndipo apongozi anati kwawo kulibe malo a munthu amene anapasula banja la mkulu wake.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, wina anagogoda. Nditatsegula ndinaona Chitsiriza, ataonda mpaka makutu kukula, chikwama kudzanja, mwana paphewa.

"Achemwali," anatero. "Amayi akudwala, sangatisunge. Ndilibe kwina."

Anatembenuza mwanayo kuti ndimuone, ndipo ndisanaganize, manja anga anamulandira. Anali mnyamata, wofunda, wonunkhira sopo. Chipumi chinali cha abambo ake. Makutu ndi chibwano zinali za kwathu, zomwe ndimaziona pagalasi m'mawa uliwonse. Magazi ake anali omwewo a mwana wanga, mbali zonse ziwiri. Ndinali nditanyamula nkhope imene mwana wanga akanakhala nayo.

Anandigwira chala n'kuseka.

"Wakukondani," Chitsiriza anatero, chiyembekezo chikutuluka m'mawu. "Tizigona pansi, achemwali. Ndizichapa, ndizisesa. Simudzamva mawu anga."

"Mawu ako ndinawamva mokwanira."

Ndinachotsa chala changa m'kadzanja kaja pang'onopang'ono, ndinamubwezera mwana wake, ndinamupatsa madzi akumwa. Atamaliza ndinalandira kapu n'kutseka chitseko.

Awerengi anzanga, ndikudziwa ena mwa inu mwayamba kale kundiweruza. Amayi akuti ndili ndi mtima wa mwala. Azakhali akuti mwana sanalakwe, ndipo akunena zoona. Sindinalembe kuti mundikhululukire, kapena kuti mundiwombere m'manja. Ndalemba kuti akazi anzanga, ndi amuna omwe, mudziwe kuti munthu akhoza kukufunsa kuti wagona bwanji asakufuna kuti ugone bwino. Akhoza kukupukuta misozi uku akuona kuchuluka kwake. Ndipo inu amene mumayeza ntchito za anzanu m'maofesi, yezani, n'zofunika, nsikidzi zimapweteka anthu osalakwa, ine ndine mboni. Koma mukaona mzere wa munthu wagwa, musathamangire kumuloza chala. Dzukani pampando, mupite pamene wakhala, mumufunse chimene chamugwera, ndipo mufunse ngati munthu.

Za mng'ono wanga, weruzani mmene mukufunira. Anagogoda kwa nthawi yaitali tsiku lija, akunditchula dzina limene ankanditchula ali wamng'ono. Ine ndinaima kuseri kwa chitseko, chipumi chili pa thabwa, mpaka kulira kwa mwana kunasakanikirana ndi phokoso la magalimoto kumsewu. Ndinali ndi kiyi m'manja nthawi yonseyo. Sindinatsegule.